Mluzu Woitanira Bisiketi

Ana inu, senderani kuno kukhonde, mvula iyi sikata msanga. Iwe Wongani, khuthula chimanga chili m'thumba la kabudulalo. Ukuyesa kuti poti maso anga achita nkhungu ndiye sindikuona thumba likutupa? Ukufuna ukapatse Bisiketi mobisa, ndikudziwa. Kavalo si nkhuku yoti uzingoimwazira chimanga. Ndipo si ng'ombe. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa anatsala pang'ono kutiphetsa chiweto pakhomo pano.

Inu mwabadwa n'kumupeza kavalo ali kuseri kwa nyumba ya agogo anu, ndiye mumangoona ngati ndi mmene zimakhalira. Pitani mukazungulire Wenya yense, mukafike mpaka ku Chisenga, mukandiuze ngati mukapeze wina. Ine ndemwe ndinakula ndikudziwa kavalo wa m'Baibulo basi, aja a Farao omira m'nyanja. Kwathu ku Ntcheu tinali ndi mbuzi ndi ngolo za ng'ombe.

Kuno ndinabwera ndili mtsikana, kutsatira achimwene anga amene ankachita malonda pamsika wa pa Boma. Masiku ano mumakwera minibasi ku Karonga, musanamalize n'komwe kukanda mafoni anuwo mwafika. Ife tinkakwera pamwamba pa lole, pa matumba a mchere, msewu wopanda tala. Pofika pa Chitipa aliyense anali wofiira ndi fumbi, nsidze zomwe, moti achimwene anandidutsa kawiri osandizindikira. Ntchito yanga inali kugulitsa mcherewo.

Tsiku lina panabwera mwamuna wamtali, wosalankhulalankhula, n'kugula mchere wochuluka zedi. Ine pakamwa sipanali pomangika chiyambire. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, mchere wonsewu kwanu kuli ukwati?"

Iye anati, "Yayi mama, ngwa hachi."

Chitumbuka ndinali ndisanachidziwe. Ndinayesa Hachi ndi dzina la mkazi wake, ndipo ndinamumvera chisoni kuti anakwatira mkazi wodya mchere chonchi. Mwezi wotsatira atabweranso ndinamufunsa kuti, "Amayi a Hachi ali bwanji?" Anaseka mpaka anakhala pansi pa thumba. Amenewo ndiwo anali asekulu anu, a Kaonga, ndipo hachi ndiye kavalo.

Ankagwira ntchito pamwamba pa Nyika, kusamala akavalo amene ankanyamula alendo okaona nyama. Titakwatirana ine ndinakhala kuno kumudzi, iwo ankatsika mapiri wapansi pakutha pa mwezi, akununkha thukuta la akavalo. Ana anabadwa, anakula, makolo anuwa. Kenaka ntchito ija inatha. Akavalo anakwezedwa m'malole kupita kwina, koma mmodzi wamkazi, wofiirira, anakaniratu kukwera. Eni ake anatopa naye n'kuwauza asekulu anu kuti amutenge. Dzina anali nalo kale lachizungu, ife tinangoliwongola kuti likwane pakamwa pathu, n'kukhala Bisiketi.

Tsiku limene anafika naye pano munthu sanapite kumunda. Gogo wina anamuzungulira n'kufunsa kuti nyanga anazidula liti. Mlamu wanga a Yotamu, mng'ono wawo wa asekulu anu, amene inu mumawatcha asekulu aang'ono, ndiwo anali katswiri wa ng'ombe m'mudzi muno. Anamukanula kukamwa n'kupeza mano akutsogolo ali m'mwamba ndi m'munsi momwe. Ng'ombe paja m'mwamba kutsogolo ilibe mano, ili ndi nkhama chabe. Anakhala pachitsa kudikira kuti aone kavalo akubzikula, kuja ng'ombe imabweza udzu n'kumatafunanso ili gone. Dzuwa linapendeka, Bisiketi osabzikula.

"Akulu, chinyama ichi chikulwala," anatero a Yotamu.

Asekulu anu anangoti, "Ndimo chiliri." Ndiye kuti ndi mmene chinalengedwera.

Ine ndinkamuopa, komanso kunena zoona ndinkamuchitira kansanje. Mwamuna wanga akadzuka, moni woyamba unali wa Bisiketi, ine ndinkalandira wotsala. Ndinkamutcha mkazi mnzanga. Koma chidwi chinandiposa mphamvu. Ndinkaima patali ndi mtsuko wanga n'kumafunsa. Bwanji amagona choimirira? Bwanji makutu akuwatembenuza uku ndi uku? Bwanji mukumuika khutu pamimba ngati azamba? Iwo ankayankha pang'onopang'ono, ngati mawu akuwagula. Anandiuza kuti kavalo amapuma ndi mphuno zokha, ndipo sasanza. Chimene chalowa m'mimba mwake njira yake ndi imodzi, chikakanika kutuluka kumbuyo ndiye kuti imfa. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kundiikitsa khutu pa nthiti zake zakumapeto. M'katimo munkalira ngati chigayo chakutali. Anati mimba ya kavalo wamoyo sikhala chete.

Anthu tonse timawerenga chaka ndi chimanga: kusosa, kubzala, kupalira, kukolola. Asekulu anu ankachiwerenga ndi Bisiketi, ndipo ine ndinatengera.

Mwezi wa Meyi, anzathu ali kalikiliki ndi zokolola, ife tinkamweta udzu usanakhwimitse, kuuyanika, n'kuusanja pathandala pansi pa denga. Anthu ankatiseka kuti a Kaonga akukolola udzu. Nthawi yomweyo ndiyo yoopsa ndi chimanga, chifukwa chili mbwee paliponse. Kavalo akadya chambiri mimba imamupota, mapazi amatentha, amaima ngati waponda makala. Wamva, Wongani?

Ikafika Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, kuja madzi a mumtsuko amaluma mano. Bisiketi ubweya umatalika, ndipo amachita ulesi kumwa madzi. Ndiye timamufunditsira pang'ono ndi kumuikira mchere woti azinyambita kuti amve ludzu. Uja mchere ndinkagulitsa uja, ntchito yake inali imeneyi. Asekulu anu anamusokera chofunda cha masaka, chimene ine ndinkati chikuposa bulangete langa. Miyezi yozizira yomweyo ndiyo ya katemera wa nthenda ya akavalo, kuti mvula ikamadzabwera thupi likhale litakonzeka. Katemerayo ankachita kuitanitsa kutali, n'kubwera m'kabokosi kozizira. Mano nawonso ankawaona nthawi imeneyi. A kavalo amakulabe moyo wake wonse, ndipo akasongoka amamucheka masaya, chakudya n'kumagwa pakamwa. Amachita kuwapala ndi tupa. Ine tsiku loyamba kuona ndinathawira kuseri, mano anga omwe akunyerenyetsa.

Chilimwe ndi cha fumbi ndi moto wa tchire. Ziboda zimauma n'kumang'aluka, udzu wathu wosekedwa uja ndiye umatipulumutsa. Koma nyengo imene asekulu anu ankaiopa ndi ino ya dzinja. Msipu ukangophuka, kavalo amaufuna ndi mtima wonse, koma umayenera kumupatsa pang'onopang'ono kuti mimba izolowere. Mankhwala a njoka za m'mimba amamwa mvula ikamayamba ndi ikamatha. Matope amafewetsa ziboda, pansi pake n'kuyamba kuola ndi kununkha, ndiye tsiku lililonse umanyamula phazi lililonse n'kukolokosa ndi kachitsulo kokhota kali pakhomapo. Dzuwa lisanalowe amayenera kukhala ali m'khola, utsi wa ndowe zouma ukufuka pakhomo, chifukwa kuli touluka ting'onoting'ono, tochepa kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi m'mamawa. Timeneto ndito timabweretsa nthenda ija. Ku Nyika kumazizira, kulibe tambiri. Kuno kunsi tiliko.

Ndiye pali nkhupakupa. Kale kuno kunali dibi, chidzenje cha simenti chodzaza madzi a mankhwala. Ng'ombe zinkadumphiramo imodziimodzi, anyamata akukuwa, ife amayi tikuonerera patali. Inu simunazione, masiku ano aliyense amangobereka sipuleya kumsana n'kupopera zake. Asekulu anu sanapiteko naye Bisiketi kudibi ngakhale kamodzi. Nkhupakupa ankazichotsa ndi manja, pansi pa mchira ndi m'makutu, n'kupaka mankhwala akeake. Nditafunsa chifukwa anangoti, "Dibi ngwa ng'ombe." Ndinafuna kufunsitsa, koma mphika unali pamoto.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene sindinakuuzeni. Bisiketi sankamangidwa chingwe masana. Ankadya kudambo uko, ndipo ikakwana nthawi asekulu anu ankaima pachulu paja n'kuimba mluzu. Unali mluzu wawowawo, wokwera kawiri n'kutsika motalika kumapeto. Akangoumva, kulikonse ali, ankadzutsa mutu n'kubwera chothamanga. A Yotamu anayesa, atate anu anayesa, iye osatembenuka n'komwe.

Ine ndili mwana ku Ntcheu, pobusa mbuzi, mluzu ndinkaimba kuposa anyamata onse. Nditatha msinkhu azakhali anga anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mkazi saimba mluzu, akaimba amamera ndevu, ndipo palibe mwamuna angamufunsire. Anatsindika ndi kunditsina pantchafu. Ndinasiya tsiku lomwelo. Kuno nakonso ndinapeza ndi chimodzimodzi, mkazi wa ulemu wake, wovala yunifolomu ya umanyano, lija gulu la amayi kutchalitchi, sangaime pabwalo n'kumaimba mluzu ngati mnyamata wa kabaza.

Asekulu anu anamwalira nthawi yokolola, atadwala pang'ono chabe. Za maliro sindinena, ena mwa inu munalipo. Chimene simunaone ndi cha pambuyo pake, anthu atabalalika. M'mawa uliwonse Bisiketi ankaima pampanda kuyang'ana kunjira yotsikira kuchulu, makutu ali tcheru. Ine ndinkamuona ndili pakhomo, mtima n'kumandiwawa, chifukwa nanenso maso anga ankapita komweko. Abale anati ndimupereke kwa anthu ena a kutsidya kwa malire amene ankamufuna, poti mayi wamasiye sangathe kavalo. Ndinakana. Pakhomo pano tinatsala awiri odikira munthu mmodzi, ndiye ndikanamuthamangitsa bwanji mnzanga? Ndinkamusamala monga ndinaonera, koma iye sankandiwerengera. Pomuitana ndinkachita kugwedeza beseni la madeya, n'kumabwera mwaulesi, chifukwa cha madeyawo osati ine.

Dzinja lotsatira nkhupakupa zinachuluka modabwitsa. Tsiku lina ndinapita ku umanyano m'mawa. Pobwera masana, ndisanalowe n'komwe pabwalo, mphuno zinandiuza. Amati tsoka silinunkha, koma limeneli linkanunkha dibi. Bisiketi anali chiimire pansi pa mtengo wa mapeyala, ubweya uli nyowe. A Yotamu anali pomwepo akutsuka sipuleya yawo, nkhope ili mwee.

"Monile mulamu," anatero. "Nangumupopera waka pamoza na ng'ombe zane. Nkhupakupa zinamuchuluka chomene, ndinamva chisoni. Akulu ŵakaŵenge ŵamoyo sakanalola kuti azioneka chonchi."

Musawaweruze asekulu aang'ono. Anamupopera mankhwala a ng'ombewo chifukwa cha chikondi, ndipo mankhwalawo ndi odula, anachita kudzimana. Kungoti safunsa anadya phula. Ine chifukwa chake sindinkachidziwa, koma mawu aja anandibwerera, akuti dibi ngwa ng'ombe. Ndinaitana amayi anzanga awiri amene ndinali nawo, tisanavule n'komwe mayunifolomu, tinamusambitsa ndi sopo ndi madzi ozizira a pachitsime mpaka mikono inalema. Kenaka ndinakwera pachulu, poti ndi pokhapo pamene foni imagwira, n'kuimbira a vetenale a ku Boma. Anati mtsinje wadzaza, ayesetsa kufika mawa.

Kutacha ndinapeza m'khola mulibe ndowe ngakhale imodzi. Bisiketi anali atazolika mutu, maso ali lende ngati woledzera, poyenda akudzandira. Udzu anangoununkhiza. Ndinaika khutu pamimba paja. Munali zii. Ndinasuntha khutu, ndinapita mbali inayo, chigayo chija chitazima. Apo ndiye ndinachita mantha enieni.

Dzuwa lili pamutu Bisiketi anagona pansi pabwalo apa, pamene pali mbaula ya Tiwongepo. Anthu anadzaza, akuluakulu a mpingo, amayi a umanyano, ana a sukulu. A Yotamu anabwera ndi botolo la mafuta ophikira ndi mpeni wosongoka. Ng'ombe ikatupidwa paja amaimwetsa mafuta ndi botolo, zikakanika amaiboola pambali kuti mpweya utuluke.

"Mulamu, ndilekeni ndikonze chimene ndaononga," anatero.

Ndinaima pakati pa iwo ndi kavalo. Ndinati, "Alamu, ndakupemphani, bwezani mpeniwo. Mwamuchita ng'ombe dzulo, lero musamuchitenso ng'ombe."

Tili mkati mokangana tinamva njinga yamoto. A vetenale anafika matope mpaka m'mawondo. Anali bambo wofatsa, wosadzitama. Ataona botolo la mankhwala opopera aja anapukusa mutu n'kunena kuti mtundu umenewo ng'ombe umaithandiza, koma kavalo umamuimitsa matumbo, chakudya n'kuuma m'kati. Anati tinachita bwino kumusambitsa. Kenaka anandiuza poyera kuti, "Amama, ine kavalo ndinamuphunzira m'kalasi, koma kumugwira ndi lero. Tiyeni tifunse amene amagwira tsiku ndi tsiku."

Anakwera pachulu n'kuimbira dokotala wina wamayi wa ku Lilongwe, amene ntchito yake ndi akavalo okhaokha. Zinthu za masiku ano zimandidabwitsa. Mayiyo ankaoneka pafoni ngati ali pawindo, ndipo a vetenale ankaloza foniyo kuno kubwalo kuti aone. Ine mantha ali apo, chidwi chili apo, ndinafunsa kuti kodi kavaloyo akumuonadi ali ku Lilongweko? Anaseka n'kuti akumuona, ndi yunifolomu yanga yoyanikidwa pachingwe yomwe. Anawauza a vetenale jekeseni woti abaye, ndiponso kuti alowetse kapaipi kofewa pamphuno mpaka m'mimba, athiremo madzi ambiri ndi mafuta a mankhwala ofewetsa. Za botolo anakaniza, anati mafuta akalowera kumapapo ndiye kwatha. Koma anati zonsezi zitheka kavaloyo ataimirira, ndipo akatha azimuyendetsa pang'onopang'ono. Akapitiriza kugona chonchi sadzukanso.

Amuna anamugwira, ena kumutu, ena kumchira, ena anapisa chingwe pansi pa mimba. Anakoka, anakuwa, wina anamukwapula ndi kamtengo. Bisiketi anangotambasula khosi pansi n'kutseka maso. Ndinagwedeza beseni la madeya pafupi ndi mphuno yake, osatekeseka. A vetenale anapukuta thukuta n'kundiyang'ana. Anafunsa kuti, "Palibe chimene amamvera?"

Ndinadziwa chimene amamvera. Ndinali nditaumva m'mawa ndi madzulo zaka zonse zija, unali m'mutu mwanga ngati nyimbo ya kutchalitchi. Ndinayang'ana anthu aja, akulu a mpingo ali apo, alamu ali apo, ine mayi wamasiye wa mpango kumutu. Manyazi anandigwira, sindikubisirani. Koma ndinauza amuna aja kuti amusiye, apatuke. Ndinayenda kukakwera pachulu, pamene ankaima mwini wake. Ndinanyowetsa milomo. Poyamba panangotuluka mpweya, ana ena n'kuseka. Kachiwiri unatuluka wonse, kukwera kawiri n'kutsika motalika kumapeto.

Ine ndemwe thupi linachita tsembwe, chifukwa zinali ngati asekulu anu alowa pakhomo. Khutu limodzi la Bisiketi linagwedezeka. Ndinaimbanso, misozi ikutsika. Anadzutsa mutu, anaponya miyendo yakutsogolo, anabuula, anagwa, anayesanso, mpaka anaima akunjenjemera, nkhope italoza kuchulu. A Yotamu anakhala pansi m'matope momwemo, chipewa chili kumaso, akungoti, "Mukulu wane, mukulu wane."

A vetenale anagwira ntchito yawo bwinobwino, mayi wa pafoni uja akuwalangiza. Anagona konkuno, ndipo anabwereza kangapo. Ine ndi a Yotamu tinkasinthana kumuyendetsa kuzungulira bwalo. Mudziwe kuti mudzi wonse unkadikira chinthu chimodzi, ndowe. Anthu podutsa sankafunsanso kuti mwadzuka bwanji, ankangoti, "Wachita?" Mmene anadzachita, tsiku lina chakumasana, zouma ngati miyala, amayi a umanyano analulutira ngati kwabadwa mwana. Ndinaika khutu pamimba n'kumva chigayo chayambanso, chapansipansi.

Za mluzu palibe anandidzudzula. Mkulu wa mpingo mmodzi anangondinong'oneza kuti ndisakayambe kuitanira choncho amayi kumapemphero. Ndevu zija azakhali ananena, bwerani muone, nazi zitatu pachibwanopa. Kaya ndi mluzu kaya ndi ukalamba, mukafunse a sayansi kusukulu kwanu.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikumuitana ndekha, m'mawa ndi madzulo. Koma onani m'kamwa muno. Dzino lakutsogolo lija linagweruka mwezi wathawu, ndipo chigwerukireni mluzu sukutuluka, ukungokhala mpweya. Bisiketi naye wakalamba, maso ake ndi anga n'chimodzimodzi, beseni saliona patali. Dzulo dzuwa linalowa ali kudambo, nthawi ya touluka tija, ine ndikufuula dzina lake ngati wamisala. N'chifukwa chake ndakukhazikani pansi, si nkhani chabe.

Wongani ndamuyesa, akuimba ngati mpira ukuphwa. Iwe mtsikana wanga Tiwonge, ndinakumva m'mawa ukuimba mluzu potsuka mbale kuseri, ukuyesa kuti palibe akumva. Usabise nkhope, palibe akutsine pano. Mvula yakata, dzuwa lapendeka, ndipo uyo ali kudambo. Tiye pachulu, undigwire dzanja pali poterera. Ukweze kawiri, kenaka utsitse, usafulumire kumaliza. Eya, choncho. Bwereza.

Waona? Wadzutsa mutu. Usadandaule kuti akuyang'ana kunjira osati kwa iwe, nanenso ankatero poyamba, amayamba wafuna mwini mluzu. Imbanso, mwanawe, mpaka adziwe kuti tsopano ndi iwe.